Wailesi ya a Jowaki ndi Njala Yake

Pali fungo limene ana a masiku ano sadzalidziwa, fungo la batire lakale limene laotha dzuwa kuyambira m'mawa, lowawasa pang'ono ngati phula losakanikirana ndi dzimbiri. Ndikalikumbukira ndimaona a Jowaki, amene tinkayandikana nawo nyumba m'mudzi mwathu kum'mawa kwa Ngabu, atanjuta pafupi ndi lata limene ankaliyala pabwalo, akutembenuza mabatire awo limodzilimodzi monga momwe amayi ankatembenuzira nsomba pathandala, utsi wa kukhitchini ukuwadutsa pamsana, mitondo ya mapira ikugunda mbali zonse za mudzi.

A Jowaki anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, akali mnyamata, ndipo Chichewa chawo chinali chothira Chisena mpaka ukalamba. Ana awo anali atabalalika kale kukafuna ntchito. Chimene chinatsala nawo, kupatula akazi awo ndi mbuzi zinayi, chinali wailesi, yokhayo yolira m'mudzi monse. Sankaitchula kuti wailesi. Ankati mlendo. "Mlendo wagona," ankatero akaifunditsa kansalu. "Mlendo sanadye," ankatero mawu akayamba kunong'ona.

Mlendoyu ankafuna mabatire asanu ndi limodzi, koma atsopano ankalowa m'mudzi kamodzi pachaka, anthu akagulitsa thonje. Miyezi ina yonse a Jowaki ankamudyetsa otha. Ankawayanika padzuwa, kuwagogoda ndi mwala, kenako kuwayesa ndi waya palilime, nkhope itakwinyika ngati munthu wolawa bwemba. Batire lotha lili ndi kamphamvu kochepa, choncho ankawonjezera chiwerengero. Anang'amba nsungwi pakati, n'kumandanda mabatire m'menemo mutu ndi tako, n'kuwamanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Mwezi uliwonse mzere unkatalika. Unayamba ndi asanu ndi atatu, n'kufika khumi ndi awiri, mpaka nsungwi inkatulukira pakhomo, nkhuku n'kumaidumpha.

Tsiku lina mlendo ananena kuti kumayiko akutali apanga makina odzaza chipinda, owonkhetsa masamu msanga kuposa mphunzitsi aliyense. Amuna amene ankabwera kudzamvera nkhani pansi pa mtengo wa masawu anaseka kuti limenelo ndi bodza la azungu. A Jowaki sanaseke.

"N'zotheka," anatero. "Koma funsani kuti akudya chiyani. Chilichonse choganiza chimadya. Mutu wa Lazaro uyu umadya mbatata. Mlendo wanga amangolankhula, saganiza, koma taonani nsungwi yake. Tsiku limene adzapange woyankha mafunso, adzamupatsa Shire yense kuti amwe, ndipo adzapempha wina."

Lazaro ndine. Chaka chimenecho ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo tinkadikira kumva amene asankhidwa kupita ku sekondale. Makalata ankachedwa kufika kwathu, nthawi zina sukulu zitatsegulidwa kale, koma mayina ankawerengedwa pa wailesi. Abambo anga anali atagwirizana ndi amalume, amene anali msodzi kudambo, kuti ndikakhale nawo ndiphunzire ukonde. Amalume anali atabwera kudzanditenga, ndipo bwato lawo linkabwerera m'mawa mwa tsiku lotsatira la mayinawo. Usodzi si ntchito yonyozeka, unalera ana asanu ndi awiri a amalumewo. Koma ine ndinkafuna sukulu mpaka chakudya chinkandikanika.

"Ndikamva dzina lako ndi khutu langa, utsala," anatero abambo. "Zondiuza munthu wina ayi. Ndikapanda kumva, m'mawa mwake ukwera bwato."

A Jowaki atamva zimenezi anayamba kukonzekera kutatsala masiku atatu. Ine ndi iwo tinayenda khomo ndi khomo kupempha mabatire otha a m'matochi, ngakhale otupa amene ana ankaseweretsa ngati galimoto. Lata linadzaza. Inali nyengo imene chigwa chathu chimatentha mpaka mbuzi kukana kutuluka pamthunzi, ndipo iwo ankayang'ana kumwamba mokondwa. "Pyadidi," ankatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti zili bwino. "Dzuwa ili anthu amalitukwana, koma ndi mphika wa mlendo."

Mayina anayamba dzuwa litangopendeka. Pabwalo panadzaza anthu. Panabweranso a tcheyamani a chipani m'mudzi mwathu, amene mwana wawo Marita tinalembera limodzi mayeso. Anakhala pampando wokhawo umene unalipo, tochi yawo yaitali ya mabatire atatu ili pamiyendo. Tochi imeneyi ankayenda nayo ngakhale masana, ndipo titapita kukapempha mabatire kwawo anatiuza kuti imeneyo ndi ya ntchito za chipani.

Vuto lathu ife a kuchigwa linali lakuti mayina ankawerengedwa boma ndi boma kuyambira kumpoto. Chitipa poyamba, kenako kumatsika dziko lonse, Chikwawa ndi Nsanje kumchira. Mlendo ankayenera kuyenda ulendo wonsewo ndi kamba wa mabatire otha.

Poyamba panalira nyimbo za chipani, zitatu zathunthu. Abambo ankayang'ana nsungwi, n'kuyang'ana a tcheyamani. Masiku amenewo panalibe munthu akanatambasula dzanja kuzimitsa nyimbo zotere anthu akuona. Koma woulutsa atayamba mayina a ku Chitipa, abambo analankhula.

"A Jowaki, bwanji tizimitse kaye? Tiyatse akamafika ku Zomba."

"Nkhabe," anakana a Jowaki. "Munthu akutchula ana a anzanu, inu mumutseke pakamwa? Nawonso aja anagona ndi njala powerenga."

"Makolo awo akumvera kwawo."

"Mwina mabatire awathera. Tiwamverere ife."

Anthu anaseka, koma a Jowaki ankanena zoona zawo. Dzina lililonse ankalivomera ndi mutu, ndipo likakhala lovuta ankalibwereza chapansipansi ngati akulilawa. Tinadutsa Karonga ndi Rumphi mawu ali gwa. Ku Mzimba, kumene mayina sankatha, mlendo anayamba kusasa mawu, a Jowaki n'kuwonjezera mabatire anayi otentha ochokera palata. Ku Kasungu anawonjezera ena. Pofika ku Dedza nsungwi inali itadzaza, ndipo analumikiza yachiwiri. Apa mphira sinathenso kufika uku ndi uku.

"Pafunika manja," anatero. "Eni ake a mayina, bwerani. Lazaro, gwira waya uyu kumapeto, ukanikize ndi chala. Marita, iwe kankha mbali iyo. Wina akagwedezeka, mlendo akomoka."

Tinagwada m'fumbi, ine uku, Marita uko, pakati pathu mabatire a mudzi wonse. Chitsulo cha batire lomaliza chinkawotcha chala changa ngati khala, thukuta linkalowa m'maso, ntchentche inatera pamphuno panga n'kukhazikika ngati yalipira msonkho. Sindinaigwedeze. Tinadutsa Ntcheu, Mangochi, Zomba. Ku Blantyre lata linatsala lopanda kanthu. Ku Thyolo mawu anachepa mpaka kufanana ndi udzudzu wa m'chigubu, ndipo pofika ku Mulanje ankamveka ndi kuzimirira, kumveka ndi kuzimirira.

Amalume anadzuka n'kukung'untha fumbi pakabudula. "Mlamu, ine ndikakonze katundu," anauza abambo. Ndinamva mtima wanga ukugunda m'chala chimene chinali pawaya.

Panalibe amene anayang'ana tochi ya a tcheyamani, koma aliyense ankaiona. A Jowaki anawerama n'kuyamba kulankhula ndi wailesi mwaulemu wonse.

"Pepani mlendo, chakudya chatha m'mudzi muno. Mwayenda ulendo wautali, mwafera pakhomo. Za mwana wa a tcheyamani tidzamva pa kalata, mvula ikadzagwa."

A tcheyamani anatsokomola n'kuyang'ana kumtengo. Ndiye Marita, osatukula mutu, manja ali pansungwi, ananena mawu awiri okha.

"Bambo, tochi."

A tcheyamani anaitsegula pang'onopang'ono ngati akuchotsa dzino lawo. "Maphunziro a ana ndi ntchito ya chipani imene," anatero, kuuza gulu lonse, ndipo gulu lonse linavomereza mwachangu. A Jowaki analandira mabatirewo ndi manja awiri. "Takhuta," anathokoza, n'kuwalowetsa pakati pa mzere.

Mlendo anatsitsimuka, koma osati kwambiri, chifukwa atatu amoyo ankasenza mitembo yambiri. Mawu ankamveka kwa munthu amene wayandikira basi. Woulutsa anati Chikwawa. Abambo anga, amene sindinawaonepo atakhala pansi pamaso pa ana, anagona chafufumimba n'kugunditsa khutu pansalu ya wailesi. A tcheyamani anatsika pampando n'kugona mbali inayo. Anthu awiriwa ankapatsana moni wa patali chifukwa cha nkhani yakale ya malire a munda, koma tsiku limenelo zipumi zawo zinagundana ndipo palibe anasuntha.

Ine sindinkamva kanthu. Ndinkangowerenga msana wa abambo. Sukulu zinkatchulidwa imodziimodzi, msana uli chete. Kenako ndinaona mapewa awo akukwera. Anatukula mutu, tsaya lili mbuu ndi fumbi, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Akutchula," anatero. "Atchula ndi langa lomwe. Dzina langa, pa wailesi."

Miyendo yanga inkafuna kuthamanga mpaka ku Ngabu. A Jowaki anandigwira phewa. "Usagwedezeke. Pali mnzako." Ndinakanikiza waya, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, mpaka a tcheyamani anamenya pansi ndi chikhatho n'kutchula dzina la mwana wawo. Marita analumpha. Mabatire anamwazika m'fumbi, mlendo anakhala chete, amayi anayamba nthungululu.

A Jowaki okha ndi amene sanakondwere. Ankakwawa kutola mabatire pakati pa miyendo ya anthu ovina.

"Bwererani pamalo panu," anatiuza. "A ku Nsanje atsala."

"Kuno kulibe wa ku Nsanje, achikulire," anatero amalume akuseka.

"Ndiye chifukwa chake. Aliyense akamva lake amazimitsa. Omaliza amawamvera ndani?"

Tinagwadanso, ine ndi Marita, anthu akubalalika, ndipo a Jowaki anagunditsa khutu lawo n'kuvomera ndi mutu dzina lililonse mpaka woulutsa anatseka. M'mawa mwake bwato la amalume linapita popanda ine.

Marita uja ndinadzamukwatira patapita zaka khumi ndi chimodzi. Tinakhala limodzi mpaka Ambuye anamuitana zaka zinayi zapitazo, ndipo nthawi zonse tikasemphana mawu ankandikumbutsa kuti popanda tochi ya bambo ake bwenzi ndikununkha nsomba. Ine ndinkamukumbutsa kuti amene anamwaza mabatire si ine. Mlandu umenewu sunathe, ndipo ndikhulupirira kuti tikaupitiriza.

Mwezi wathawu kunabwera mdzukulu wathu Tadala, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Anandionetsa foni imene umaifunsa funso n'kukuyankha ngati munthu. Ndinaifunsa nthawi yobzala mapira, ndipo inayankha mwaulemu, ngakhale Chichewa chake chinali cha munthu amene sanamwepo madzi a kuno. Tadala anandifotokozera kuti nzeruzo sizikhala m'fonimo. Zimakhala m'nyumba zikuluzikulu kumayiko ena, zodzaza makina amene amafuna magetsi ochuluka ndi madzi owaziziritsa, ndipo makinawo akamachenjera njala yawo imakulanso, moti eni ake akungomanga nyumba zina.

"Nsungwi yachiwiri," ndinatero.

"Mwati chiyani, agogo?"

Ndinamufotokozera za a Jowaki. Anaseka mpaka kupukuta maso, kenako anandifunsa ngati zinthu zimenezi zikundiopsa. Ndinamuuza kuti sindinafike poweruza. Mulungu anapatsa anthu nzeru, ndipo sindidabwa kuti chimene apanga chikufuna kudya. Ife tinadyetsapo mlendo wathu mabatire a mudzi wonse, ndipo sitinadandaule, chifukwa anatitchula. Funso langa ndi limodzi, ndipo ndinamupempha kuti akalifunse kwa anzake amene amadziwa. Mlendo watsopanoyu akadzadya magetsi ndi mitsinje ya anthu onse, kodi adzawerenga mayina mpaka kumchira, kapena eni ake adzazimitsa akangomva awo?

Tadala anandisiyira kawailesi kotchajira dzuwa. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndimakayika palata pabwalo, n'kumakatembenuza kuti kaothe bwino. Madzulo akamawerenga mauthenga a maliro ndi a odwala, a anthu amene sindinawaonepo, ndimakhala pampando chala chili phee pabondo, ndipo sindizimitsa mpaka atchule womaliza.