Bambo osenza goli

Nditasiya sukulu ndili Fomu 3, amayi ananditumiza kwa azakhali kufupi ndi Champhira, ati ndikapumeko. Kupuma chiyani? Ndinkadzuka, kusesa, kenako kukhala pa njerwa kuseri kwa nyumba n'kumanyansidwa ndi aliyense wodutsa atavala yunifolomu.

Kuseri komweko n'kumene ndinkawaonera bambo oyandikana nafe. Anali okalamba, aatali, osamva bwino khutu limodzi chifukwa cha makina ocheka matabwa ku Chikangawa kumene anagwirako ntchito. M'mawa uliwonse ankatulutsa ng'ombe yawo yofiira m'khola, kuiika goli m'khosi, ndipo mbali inayo ya golilo ankaisenza okha paphewa, atapindirapo thumba lakale. Akatero, ulendo mpaka kudambo n'kubwerako. Kumbuyo kulibe ngolo, kulibe pulawo. Munthu ndi ng'ombe basi, ng'ombe kumanja, iwo kumanzere atawerama kuti alingane nayo.

Ndinafunsa azakhali ngati mutu wa bambowo unkayenda bwino.

"Asiye," anatero azakhali. "Ukafunse eni ake, pakamwa uli napo."

Ndinapitadi, chifukwa ndinalibe china chochita.

"Adada, kodi ng'ombe ndi iti pamenepa?"

"Yofunsayo," anayankha osaima n'komwe. "Choka kutsogolo, iwe. Ikakuponda usalire."

Ndinayenda nawo m'mbali mpaka kudambo, ndipo anandiuza. Ng'ombe zinali ziwiri, zokoka ngolo ndi pulawo. Inzake inafa ndi matenda a nkhupakupa. Ng'ombe yofula ikatsala yokha siikoka kanthu, siibereka, ingodya udzu. Mwana wawo wamwamuna amene anali ku Joni anali atanena kale pafoni kuti akubwera nyengo ya Khirisimasi kudzakwatira, ndipo yofiirayo ndiyo idzakhale ndiwo ya paukwati.

"Ndiye mukuiyendetsa kuti nyama ifewe?"

"Pakamwa pako mpoipa chomene. Ng'ombe ikakhala osamva goli, khosi limaiwala. Tsiku lopeza inzake idzakhala ngati thole losadziwa goli. Mbwenu ndiyenda nayo ine mpaka inzake ipezeke."

"Nanga ikapanda kupezeka?"

"Udzadya chiwindi."

Sindinawamvere chisoni. Chimene chinkandivuta n'chakuti ndinkafuna kudziwa mathero ake. Ndinayamba kuona tinthu timene sindinkatisamala. Ng'ombeyo ikamva chitseko chawo inkaimirira yokha n'kutsitsa mutu. Pokhota, iwo ankafupikitsa mapazi ngati mmene ikanachitira inzake ija. Ana opita kusukulu ankawalirira ngati ng'ombe, iwo n'kumawayankha chimodzimodzi, mokweza kuposa anawo. Paphewa pawo panatuluka chikundu. Manyazi analibe, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa, chifukwa ine ngakhale kumsika ndinkazemba njira kuopa kukumana ndi anzanga akale.

Dzuwa la chilimwe litafika poipa, kunabwera bambo wina pa njinga kuchokera cha ku Manyamula. Nayenso anali ndi ng'ombe imodzi yakuda, inzake itathyoka mwendo n'kuphedwa. Anagwirizana kuti aziphatikize, azilima mosinthana. Yakudayo anaibweretsa wapansi, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Ine ndinali kutsogolo.

Anazimanga goli, yofiira kumanja, yakuda kumanzere. Atangokuwa kuti ziyende, yakuda inapotoza thupi n'kuyamba kukankha inzake ndi nthiti. Yofiira inabwezera. Zinazungulira pamalo amodzi, tcheni n'kukulunga miyendo, pulawo n'kugwa cham'mbali. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

"Ase! Yanuyi imayenda mbali iti?" anafunsa bambo oyandikana nafe aja.

"Kumanja, kuyambira ili yaing'ono."

"Nanga osanena bwanji?"

"Inu munafunsa?"

Amuna awiri akuluakulu, odziwa ng'ombe moyo wawo wonse, anakambirana za msinkhu, za mano, za msipu, koma anaiwala kufunsana zimenezo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ng'ombe imakhala ndi mbali yake. Wa ku Manyamula anakana kuti yake isinthe, ati ndi yaliuma ngati apongozi ake. Anaisiya m'kholamo n'kunena kuti mvula ikagwa zisanamvane, adzaitenga.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. M'mawa mwake ndinaona bambo oyandikana nafe aja akutuluka ndi goli lija, koma tsopano iwo ali kumanja, paphewa lopanda chikundu, yofiira ija kumanzere. Inakana. Inawakokera m'minga, inawagwetsera mu ngalande, tsiku lina inawaponda chala mpaka chikhadabo kuchoka.

"Adada, zisiyeni. Yakula imeneyi, siingaphunzirenso."

"Wakuuza ndani? Iyo?"

"Ndikuona ndi maso."

"Maso ako aona zingati, iwe wa dzana? Iyi siikukana ntchito. Ikudabwa kuti dziko lasamukira mbali ina. Ukaimenya idzadana ndi goli. Uyende nayo mpaka itasiya kudabwa."

Sindikonda anthu olankhula za ng'ombe akuyang'ana ine.

Mwana wawo anafika mvula itagwa kale, atavala jekete lachikopa kunja kukutentha. Anawapeza bambo ake kumunda, ng'ombe ziwiri zili m'goli, yofiira kumanzere. Zinkakoka, koma mizere yake inali yokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa.

"Adada, ulimi wake ndi umenewu?"

"Chimanga sichifunsa ngati mzere ndi wowongoka."

"Nanga anthu paukwati adya chiyani? Ndinawauza kale akuchikazi kuti kuli ng'ombe."

"Ng'ombe iliko, ndi iyi. Abwere adzaione ikulima."

Anakangana mpaka anasintha chilankhulo, Chitumbuka chothamanga chimene sindinathe kuchitsata. Mwanayo analoza ng'ombe, analoza kumwamba, anavula jekete. Bambo ake anatembenuzira kwa iye khutu losamva lija n'kukuwira ng'ombe kuti ziyende.

Paukwati tinadya mbuzi. Akuchikazi anadandaula, ena anachoka msanga, ndipo mkwati sanalankhule ndi bambo ake tsiku lonse. Ine ndinapatsidwa fupa lopanda kanthu. Ndikuliguguda, ndinamva ngolo ikubwera ndi migolo ya madzi ophikira, gogodo gogodo, ikuyenda chopendama pang'ono, yofiira ili kumanzere.