Bafa la a Longwe

Ku Geisha mu Mzuzu ukatchula mipope watchula a Overtoun Longwe, wotsutsa akatsutsire kwawo. Zaka makumi atatu anagwada m'nyumba za eni ku Katoto ndi ku Lupaso, kukhazika mabafa ogonamo aja, koma sanasambemo ngakhale limodzi. Iwo ankasamba chiimire, ndi ndowa ndi kapu, m'kachipinda ka simenti kuseri kwa nyumba yawo.

Anali ndi chizolowezi chawo. Bafa asanalikhazike ankaligogoda ndi zala, khutu lili tcheru, ngati mayi woyesa mbiya pamsika. Lachitsulo likalira bwino ankagwedeza mutu. Lapulasitiki, lija ogulitsa amalitcha akiriliki kuti limveke lapamwamba, ankati ndi beseni lodzikuza.

Sitiroko inawagwetsa mu Epulo. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo m'kamwa munatsala liwu limodzi lokha, yewo. Phala yewo, jakisoni yewo.

Akazi awo, a Hilda, mayi wa ku Luchenza, anatseka benchi lawo la kaunjika n'kukhala pakhomo. Sanalire. A miseche ankati mayiyu ngouma mtima, chonsecho iwowo ankangobwera ndi paketi ya shuga ndi pemphero, n'kumapita. Zofunda ankachapa ndani? A Hilda ankadzuka, kuwatembenuza, kuwadyetsa, kuwasambitsa, osadziwa kuti lero n'lachingati.

Mu Juni, ali ndi sopo thupi lonse, bambowo anawapulumuka m'manja n'kumenyetsa chipumi pasimenti. Nkhani inafika kwawo ku Nkhata Bay magazi asanaume. Mlongo wawo wa a Longwe, a Esme, anatulukira Lachitatu ndi kachikwama. Anati Loweruka achimwene awo akupita kumudzi, kumene kuli manja ambiri ndiponso kofunda. Anati munthuyu sakudziwanso kumene ali, ndiye Mzuzu kapena kumudzi n'chimodzimodzi.

A Hilda ankadziwa kuti amuna awo akapita sadzabweranso. Anafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Anangoti mwana wawo wa ku Joni wanena kuti agule bafa logonamo, bambo ake azisamba chokhala, ndipo Lachisanu akukagula.

Anapita onse atatu, a Longwe ali panjinga yawo ya olumala. Mwini sitolo, bambo wina wa pakamwa pothyathyalika, anawaonetsa mabafa awiri. Anati lapulasitiki ndi lopepuka, silizizira, madzi amakhalitsa ali otentha, bola osalikwecha ndi mchenga ngati poto. Lachitsulo ndi lamuyaya, koma kuzizira kwa Mzuzu kuno limamwa moto wonse wa m'madzi, wodwala akakhalamo limachita kuluma.

A Hilda ankamumva ngati wailesi ya nyumba ina. Anaona kuti akunena zoona, ndipo anati atenga lapulasitiki. A Esme anati kaya la chiyani, Loweruka ndi mawa.

Ndipo kumbuyo kwawo kunamveka kugogoda.

Njinga ija anali ataisiya pakati pa mabafa awiriwo. A Longwe anali atatambasula dzanja lamanzere. Palapulasitiki, phuphuphu, n'kuyang'ana kumbali. Palachitsulo, ngwengwengwe, kutsata m'mphepete pang'onopang'ono. Pakona anaima. Anagogodanso, ndipo pamenepo panalira mogontha. Ndi chikhadabo anayamba kukanda kapepala kamene kanamatidwa pomwepo mpaka kanamatuka. Pansi pake penti yoyera ija inali itasweka, dzimbiri litayamba kale.

Mwini sitolo anati linabwera choncho palole, iye sanaone. Sanaone! Kapepalako kanadzimata kokha? Anatulutsa lina lachitsulo. A Longwe analigogoda lonse, mutu mpaka kumiyendo, osafulumira, anthu atatu ataima chilili.

"Yewo," anatero.

A Esme anawayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwano wanu uja mukadali nawo."

"Tengani lomwelo," anatero a Hilda kwa mwini sitolo.

"Koma mama, kuzizira kuja ndanena..."

"Ndamva. Eni ake asankha."

Loweruka a Esme anakwera minibasi okha. Anasiya ufa wa kondowole ndi mawu akuti adzabweranso mu Ogasiti kudzaona ngati chipumicho sichinawonjezeke chilonda china. A Hilda anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ankayembekeza kuti mumtima mupepuka, koma munali chimodzimodzi ngati dzulo, ndipo anakayamba kuchapa.

Bafalo analikhazika a Gomezgani, mnzawo wakale wa a Longwe pantchito, a Longwe ali pakhomo kuyang'anira ndi diso limodzi lomwe limatseguka bwino. Kawiri konse anawabwezetsa paipi.

Mwini sitolo uja sananame, chitsulocho chimaluma. Masiku ano a Hilda amatereka mapoto awiri pambaula. Loyamba ndi la bafa: amalithira, kudikira chitsulo chifunde, n'kutaya. Lachiwiri ndiye la munthu. Makala akutha msanga, msana ukuwawa, ndipo mukawafunsa ngati lapulasitiki likanakhala bwino amangoti kaya.

Amawakhazika m'mphepete, kulowetsa mwendo wamoyo, kenako kunyamula wakufawo. Madzi akafika m'chiuno, a Longwe amatulutsa dzanja lamanzere n'kuyamba kugogoda m'mbali, tsiku lililonse, kuyambira pakona. A Hilda amaima ndi sopo m'manja, kudikira kuti amalize.