Mbalame imene bambo anga sankaidziwa

Bambo anga anabwera kwathu ku Kawale mwezi wa Malichi, mvula ikutsanzika, kudzachotsa ng'ala m'maso. Kuchipatala anawauza kuti adikire masabata awiri. Atangogona masiku anayi anayamba kulongedza chikwama. Ankati chimanga chawo ku Dedza chitha ndi akuba, koma ine ndinkadziwa kuti akuopa mpeni wa dokotala. Zinkandipsetsa mtima, chifukwa akanangokwera basi sakanabweranso, ndipo maso akanathera pomwepo.

Loweruka ndinabwereka magalasi oonera patali kwa mnzanga wakuntchito, n'kuwanyengerera kuti tikayende kunkhalango yotetezedwa ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi.

"Tikukatani kumeneko?"

"Kukaona mbalame, Abambo."

"Kungoona basi? Anthu am'tauni mitu yanu sikoka."

Pageti mlonda anaona mphira ukulendewera m'thumba la jekete lawo. Legeni! Munthu woti nkhope ya mwana wake ankaizindikira ndi mawu, koma anali atasankhiratu timiyala tisanu tosalala. Ine manyazi anandigwira. Mlonda anaseka mpaka misozi.

"Madala, za muno si zandiwo," anatero akulandira legeniyo.

M'katimo udzu unali wofika m'chiuno, dothi likununkhira chinyezi, mtsinje uli katondo yekhayekha. Ine ndi magalasi anga ndinkangoona masamba. Iwo ankayenda atandigwira phewa, khutu lili tcheru.

"Pumbwa uyo, wakuba tsabola. Iyo ndi njiwa, yonona nyengo ino. Winayo ndi mnthengu, kathyali, amatsanzira anzake."

Mbalame iliyonse ankaitchula dzina n'kuiweruza kakomedwe. Ndinasangalala kwambiri, pakuti chibwerereni ndinali ndisanawamve akulankhula mokweza chotero.

Tili pafupi ndi madzi, kanalira kena kake, mawu akuthwa, afupiafupi. Bambo anaima.

"Imeneyo ndiye iti?"

Ndinaisaka mpaka ndinaipeza pabango. Kambalame kakang'ono, kowala.

"Ndi kabuluu, Abambo. Kukhosi koyera. Mlomo wofiira, wautali."

"Buluu wake wotani? Mchira bwanji?"

Ndinachita chibwibwi. Anandilanda magalasi aja, kuwaika kumaso, kupotokola uku ndi uku monga anandionera ine. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka kambalame kanauluka.

"Utsi wokhawokha," anatero motsitsa.

Tinakhala pachipika n'kumadya nthochi zomwe ndinagula padepoti. Sindinanene kanthu za chipatala. Ndinali nditatopa nako kukangana nawo, ndiponso tsikulo linali litandikomera kale. Magalimoto ankamveka chapatali, kulowera ku Old Town.

Atamaliza nthochi yachiwiri anapukuta manja pabondo.

"Ndakalamba ndikudya mbalame, ndiye pakhale ina yondilirira pamphuno osaidziwa? Dokotala uja anati liti?"

"Lachiwiri likubwerali likadutsa, linalo."

"Ndidikira. Ndidzabwere ndidzaione ndekha. Iwe sutha kufotokoza."