Pepala la imfa lili m'bokosi

Ofesi yoona za ana yakana kuti mwana wanga apite kwa mayi ake aang'ono. Akuti mayi ake omubereka asaine kaye. Mkazi wanga Esinati anamwalira mu Epulo.

Ndimakhala ku Mtendere ndi Tadala, wa zaka zinayi. Ndimanyamuka 5 koloko m'mawa kupita kuntchito. Iye amatandala pakhomo pa aneba, pafupi ndi ngalande. Akuchikazi anati akakulire ku Mchinji, kwawo kwa malemu. Sindinatsutse. Koma Mchinji ndi Malawi, ife tili tsidya lino, ndipo pamalire amafuna kalata.

Mlamu wanga, mng'ono wa Esinati, anabwera kudzamutenga. Kuntchito anamupatsa masiku asanu okha.

Lachitatu tinafika ku ofesi ija 7:40. Fomu anatipatsa 10:15. Malo osaina awiri: bambo, mayi. Ndinasaina anga, n'kuuza mayi wa pawindo kuti winayo kulibe. Osadzutsa mutu, anafunsa ngati ali ku Joni. Ndinati anamwalira. Anati ndibweretse pepala la imfa.

Pepalalo linalipo. Tinadutsa nalo pamalire ndi maliro, chifukwa Esinati ankafuna kukagona pafupi ndi mayi ake. Kumudzi, azimayi okonza thupi anasonkhanitsa zovala zake, buku la kuchipatala ndi mapepala onse a m'chikwama, n'kumuikira m'bokosi kuti matenda apite nawo. Ndinadziwa titabwerako kumanda.

Ndinafotokoza zonsezi pang'onopang'ono. Yankho lake: "Ba daddy, ise tisebenza na mapepala. Pa kompyuta apa bakali bamoyo."

Ali moyo? Ndiye ndinathira dothi pa ndani?

Anati tidikire abwana. Tinadikira. 14:30 bambo wina anatuluka ndi fayilo yathu n'kufuula dzina la Esinati. Katatu. Anati amayi a mwana alowe msanga, asatayitse anthu nthawi.

Tadala anatsika pabenchi. Anayang'ana kuchitseko, n'kukonza kadiresi kake. "Adadi, amami babwela?"

Sindinakalipe. Ndinamunyamula n'kutuluka naye panja.

Lachinayi kuchipatala ananditumiza ku ofesi yolembetsa imfa. Kumeneko anati pepala lina limatenga milungu, ndipo ndiyambe ndi kuonetsa loyambalo. Loyambalo! Ndikafukule?

Lachisanu mlamu anakwera basi yekha.

Malamulo oteteza ana ndikuwamvetsa. Ana amabedwa, ndikudziwa. Koma ndifunse inu a mu ofesimo. Kalata ya amfumu a kumudzi siikwana? Ya abusa amene analalikira pamaliro? Mwa inu nonse palibe amene akanawerenga fayilo asanatsegule pakamwa?

Inu amene mudzaperekeze maliro kutsidya kwa malire, jambulitsani pepala lililonse bokosi lisanakhomedwe. Musadalire kuti mudzakumbukira. Tsiku limenelo mutu sugwira.

Lolemba ndibwereranso ku ofesi yoona za ana, ndekha. Ndikufuna munthu mmodzi andiuze chitseko choyenera kugogoda. Chikwama cha Tadala chikadali chomanga, ndipo akukana kuti ndichimasule.