Galu Wanga Anali Mkamwini

Ndinali mphunzitsi pasukulu ya m'mudzi mwathu ku Chiparamba pamene nkhondo yaikulu inayamba kutenga azungu a m'minda ya fodya. M'mudzi monse wodziwa Chingerezi ndinali ine ndekha, ndipo sindinkabisa. Cholembera ndinkachikoleka pathumba la malaya ngakhale popita kudimba. Kalata zolowa ndi zotuluka zinkadutsa m'manja mwanga, ndipo anthu ankati zolemba zanga n'zoongoka ngati mizere ya mlimi wakhama. Ulemu umenewo ndinkaudya tsiku ndi tsiku osakhuta.

Mlongo wanga wamng'ono anakwatiwa ndi munthu wofatsa wochokera cha ku Kasenengwa. Alamu angawo anadzamanga nyumba kwathu monga mkamwini, koma masiku ambiri ankakhala kuesiteti ya fodya kumene anali khukhi wophikira mzungu. Sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Mzungu wawo atapita kunkhondo, esiteti inatsekedwa, ntchito n'kutha, ndipo alamu anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri zimene anawasiyira: jekete lakale ndi galu wamkazi.

Galu ameneyo ndiye anandilanda mudzi. Anali wofiira, wamtali kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo pamsana pake panali mzere wa ubweya womera chobwerera kumutu. Anthu ankachoka midzi yakutali kudzangoona mzerewo. Choipitsitsa, galuyo ankamva Chingerezi. Alamu akati "siti," iye ankakhala pansi. Akati "kamu hiya," iye ankabwera. Tsiku lina pamaso pa anthu ndinayesa kumulankhula chiganizo chathunthu, cha galamala yake, chimene ndinachivutikira zaka zambiri kumishoni. Galuyo anandiyang'ana, n'kuyasamula, n'kugona. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mkazi wanga nayenso anaseka, ndipo sindinamukhululukire msanga.

Ndinene poyera: ndinachita nsanje. Munthu wosadziwa kulemba dzina lake ankavala jekete n'kukhala pakhonde, anthu atamuzungulira, ine ndikudutsa ndi mabuku popanda wondicheukira.

Inenso ndinali ndi galu wanga, wakuda, woonda, wa makutu ong'ambika, katswiri wakuba mazira. Patapita miyezi ingapo, nayenso anandithawa n'kumakagona kukhomo kwa alamu. Sipanatenge nthawi, galu wa mzungu uja anaswa ana asanu. Atatu anabadwa ndi mzere pamsana, awiri analibe. Kamodzi mwa topanda mzereto kanali kakuda ngati makala, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa kumene kanatengera.

Kwathu galu sankagulitsidwa. Ukafuna kagalu, unkapita ndi nkhuku kwa mwini wake, nkhani n'kutha. Koma alamu anaona zina kuesiteti. Anaona azungu akugulitsana agalu pochita kulemba papepala n'kukhoma pakhoma la sitolo. Anaganiza kuti ku Boma, ku Fort Jameson, kuli makalaliki, mamesenjala ndi akapitawo amene angakonde kuyenda ndi galu wa mtundu wa mzungu. Ndipo anali ndi cholinga. Manja awo ankadziwa kuphika masikono ofewa, oti ukadya limodzi umaiwala kwanu. Ankafuna kumanga uvuni wa njerwa m'mbali mwa msewu wopita ku Boma, kugula ufa wa tirigu ndi zitini, n'kumagulitsa masikono ndi tiyi kwa apaulendo. Zimenezo zikanakanika, njira inali imodzi yokha, imene amuna ambiri a kwathu ankaitenga msonkho ukawapanikiza: kupita kukagwira ntchito ku Halale. Mlongo wanga anali ndi ana awiri, wachitatu ali m'njira, ndipo mawu oti Halale sankafuna kuwamva.

Masana ena ndikudutsa kuseri kwa nkhokwe yawo, ndinapeza alamu atakhala pansi ndi kambale ka madzi a shuga ndi chipeso chothyoka. Ankanyowetsa msana wa tiagalu tiwiri topanda mzere tija n'kumapesa ubweya chobwerera kuti uume utaima. Atandiona anachita manyazi, naseka pang'ono.

"Ndikungoyesa, alamu," anatero. "Mwina mzere uli m'kati, ukungochedwa kutuluka."

Ndinangopitirira ulendo wanga. Koma mumtima ndinasangalala ngati munthu amene watola nkhwangwa panjira. Tsopano nsanje yanga inapeza chovala chabwino, chovala cha chilungamo.

Lachisanu lotsatira anabwera kwanga atavula chipewa, atanyamula masikono anayi okulunga m'tsamba la nthochi. Anandipempha kuti ndiwalembere pepala lokakhoma ku Boma. Ndinatulutsa pepala loyera ndi inki, n'kukhala patebulo ngati woweruza.

"Nenani," ndinatero.

"Mulembe kuti, ana agalu asanu, a galu wa mzungu, olondera bwino, akugulitsidwa pano."

"Nanga bambo wawo?"

Alamu anandiyang'ana modabwa. "Bambo alowapo bwanji, aphunzitsi? Kuno kwanu mwana ndi wa kwa mayi. Ana anga amene ndinabereka ndekha si mbumba yanu kodi? Akadwala mumayamba kuuzidwa ndinu. Galu wanu uja ndi mkamwini ngati ine ndemwe. Wagwira ntchito yake, apume."

Ananena moseka, ndipo anandigonjetsa. Mwambo unali kumbali yawo, ndipo m'mawu amene anandiuza kuti ndilembe munalibe bodza ngakhale limodzi. Koma ine ndinkadziwa kuti wogula akawerenga kuti "a galu wa mzungu" aganiza kuti mayi ndi bambo omwe ndi a mtunduwo, makamaka Angoni a ku Boma amene amawerenga mtundu kuchokera kwa bambo. Ndinkadziwanso za madzi a shuga. Ndikanatha kunena kuti, "Alamu, tiyeni tilembe kuti mayi ndi wa mzungu, bambo ndi wa kuno, atatu ali ndi mzere, awiri alibe." Munthu wofatsa uja akanavomera, ndipo ndikhulupirira kuti tiagaluto tikanagulidwabe, chifukwa tinali tonenepa, tokongola. Sindinanene. Chimene ndinkafuna sichinali kuteteza wogula. Ndinkafuna kuona jekete lija likubwerera kumudzi litagwa mapewa.

Ndinalemba mosamala, zilembo zazikulu zokongola kuposa zonse zimene ndinalembapo. Ndinalemba kuti: "Ana agalu asanu. Mayi wawo ndi galu wa mzungu. Bambo wawo ndi galu wa m'mudzi, wakuba mazira. Mwini wake akuti za bambo musafunse. Musanagule, yambani mwanyambita pamsana."

Ndinanyoza ndi galu wanga yemwe, amene sanandilakwire chilichonse kupatula kukonda kumene ine ndinkadana nako.

"Tandiwerengereni ndimve," anatero alamu.

Ndinaika chala pansi pa mzere woyamba n'kuwerenga mawu awo aja, osati anga. Chala chinkayenda pa zina, pakamwa pakutuluka zina. Iwo anaona kuti zolembazo zachuluka kuposa zimene ananena, nafunsa.

"Ndakometsera pang'ono," ndinatero.

Anawomba m'manja kuthokoza, napinda pepalalo n'kuliika m'thumba la m'kati la jekete. Masikono aja tinadya ndi mkazi wanga. Anali okoma, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

Zimene zinachitika ku Boma ndinazimva kwa mlongo wanga, amene anapita nawo atasenza tiagaluto m'dengu. Anafika dzuwa litakwera, napempha malo pakhonde la sitolo ina ya amwenye, pafupi ndi telala wosoka pamakina. Anakhoma pepala pansanamira, alamu n'kuima pansi pake atavala jekete. Anthu anayamba kuima. Woyamba anawerenga, naseka, naitana mnzake. Posakhalitsa panali gulu. Wina ankafunsa kuti, "Bambo wawo ali bwanji kumudzi?" Wina ankati, "Mazira atsala angati?" Mesenjala wina anatola kagalu kamodzi n'kuyerekeza kunyambita pamsana, gulu lonse n'kufa nako kuseka. Alamu ankaseka nawo. Ankaganiza kuti anthu a m'tauni ndi ansangala, ndipo anauza mlongo wanga kuti, "Waona dzanja la aphunzitsi? Palibe akudutsa osaima."

Anaima choncho mpaka dzuwa kupendeka, osagulitsa ngakhale kamodzi. Pamapeto pake telala uja, munthu wachikulire, anaimitsa makina ake n'kuwaitana. Anawafunsa ngati akudziwa zimene zalembedwa. Kenaka anawawerengera motsitsa mawu, liwu ndi liwu.

Anafika kumudzi ng'ombe zikulowa m'khola. Ine ndinali pakhonde, ndikudikira mkangano, mayankho nditakonzeratu. Ndinali wokonzeka kunena za chilungamo, za madzi a shuga, za lamulo loletsa umboni wonama. Koma mkamwini sakangana ndi mwini mbumba. Alamu anatula dengu pamapazi anga, navula chipewa.

"Zolemba zanu aziyamikira anthu onse ku Boma," anatero. "Za shuga ndinalakwa, ndipo mukanandiuza pamaso ndikanamva. Koma poti mwati ana ndi a bambo, ndabweretsa kwa bambo wawo. Landirani."

Anaika pepala lija pamwamba pa dengu, napita kwawo. Mlongo wanga anangondiyang'ana, n'kutsatira mwamuna wake.

Chimene ndinkafuna ndinachipeza. Jekete linabwera litagwa mapewa, nkhani inawanda, ndipo anthu analeka kusonkhana pakhonde la alamu. Koma sindinamve kukoma kumene ndinkayembekezera. Ndinatsala ndi tiagalu tisanu tolira pakhomo, mkazi wanga akundifunsa kuti tidya chiyani. Ndinatigawa mwa kale, nkhuku imodzi kagalu kamodzi. Tinakula n'kukhala agalu amphamvu osaka nguluwe, ndipo kakuda kaja ndi kamene kanaposa onse. Eni ake ankabwera kudzandithokoza ine.

Uvuni sunamangidwe. Njerwa zimene alamu anaumba zinakhala mulu kuseri kwa nyumba mpaka mvula inazisungunula. Titakolola, anatsazika akuluakulu, natsazikanso ine mwaulemu wonse, n'kunyamuka ndi amuna ena ulendo wa ku Halale. Galu wa mzungu anawaperekeza mpaka kumsewu, nabwerera yekha. Mwana wachitatu anabadwa iwo atapita.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti papepala paja sindinalembe bodza. N'zoona, sindinalembe. Wogulitsa galu ayenera kunena za mayi ndi za bambo, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akutamanda tiagalu take mopitirira, ndimafunsa kuti bambo wake ndi uti. Koma bodza la tsiku limenelo silinali la shuga lokha. Lalikulu linatuluka pakamwa panga, chala changa chili papepala, kwa munthu amene anabwera atavula chipewa chifukwa analibe maso ena owerengera koma anga.

Patapita miyezi inayi, kalata yoyamba inafika kuchokera ku Halale. Ndinaidziwa chifukwa makalata onse a m'mudzi ankafikira kusukulu. Adiresi inalembedwa ndi dzanja lokhotakhota la munthu wina amene alamu anam'pempha kumeneko. Ndinaitumiza kwa mlongo wanga, n'kukonza mpando kudikira kuti abwere ndimuwerengere monga ndinkachitira ndi akazi onse a m'mudzi. Sanabwere. M'mawa mwake ndinamuona pawindo la kalasi akudutsa, khanda kumsana, envulopu m'manja, akulowera njira ya kumudzi wina wa kutsidya kwa dambo kumene kunali mphunzitsi mnzanga. Unali ulendo wa theka la tsiku.

Kalata yachiwiri anachita chimodzimodzi. Yachitatu ndinalephera kupirira. Ndinatuluka m'kalasi n'kumuimitsa panjira.

"Ukuvutikiranji ndi mwana padzuwa, ine ndili pompano?"

Anasuntha khanda kumsana, nandiyankha mofatsa, osakweza mawu.

"Musadandaule, alongo. Iwo ananena ponyamuka kuti makalata awo azindiwerengera munthu amene amawerenga zimene zalembedwa."

Makalatawo anabwera zaka zitatu, kenaka analeka, ndipo alamu sanabwerenso. Ana awo atatu ndinawalera ine monga malume wawo, ndipo onse ndinawaphunzitsa kuwerenga. Wamkulu atangodziwa kulumikiza zilembo, mayi ake anatulutsa makalata aja m'kabokosi, namutenga kupita naye kuseri kwa nyumba kuti akawawerengerenso kumene ine sindikanamva.