Tsamba Limene Malume Anasuta

Ndinanyamuka pa boma la Dowa Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri. Zinali zaka zija kwacha itangolowa kumene, anthu akutchulabe masheleni pogula tomato. M'chikwama ndinali ndi khadi la chipani, mbatata zootcha ziwiri, ndi buku la ndakatulo zakale za Chingelezi. Ndinkapita kwa a Mbewe, aphunzitsi anga a Sitandade 8, amene anapuma ntchito n'kubwerera kwawo kumapiri a Ntchisi. Kalata ya akazi awo, a Nabanda, inati maso anasiya kuona ndipo chifuwa chawagoneka pamphasa.

A Mbewe anali ndi buku ngati lomweli, mphatso ya kusukulu ya mishoni, ndipo ankatilowezetsa ndakatulo zake mpaka tinkazibwebweta kutulo. Yomaliza inali ya munthu amene anasowa kwawo zaka zambiri, n'kubwerera nyengo yozizira, n'kuima pakhomo pa amayi ake atakweza dzanja kuti agogode. Inkathera pomwepo. Ine, poti pakamwa sipankatsekeka, ndinafunsa ngati anamutsegulira. A Mbewe anadzikanda m'mutu n'kuulula kuti tsamba lomaliza malume awo analing'amba n'kupichira fodya wa chingambwe. Zaka makumi atatu anaphunzitsa ndakatuloyo osadziwa mathero ake. Choncho nditalipeza bukulo m'sitolo ku Lilongwe, litasindikizidwanso lathunthu, ndinawerenga tsambalo ndili chilili, misozi n'kutsika wogulitsa akuona. Ndinkafuna a Mbewe alimve asanatsikire kuli chete.

Basi ya 6 koloko inanyamuka 7 itakwana, monga mwa nthawi zonse. Ndinalipira matambala 40 mpaka ku Mponela. Mayi wina ankakangana ndi kondakitala kuti nkhuku yake isalipire poti yakhala pamiyendo, koma titayandikira ku Dzaleka, kumene ankatsekera anthu pa nkhani za ndale, mkangano unazima wokha. Aliyense anayang'ana mawondo ake mpaka tinadutsa.

Pa Mtengowanthenga analowa achinyamata a chipani kudzaona makhadi. Mmodzi anasolola buku langa m'chikwama.

"Muli chiyani umu, mayi?"

"Ndakatulo, bambo. Za maluwa, mbalame, mvula."

Anatsegulatsegula, kenaka anandibwezera mondimvera chisoni. "Buku lonseli, chithunzi ngakhale chimodzi mulibe? Anakuberani."

Ku Mponela ndinamwa tiyi ndi sikono pa matambala asanu, kenaka ndinakwera lole yochokera kokasiya fodya, matambala 30 mpaka ku Ntchisi. Tinakhala pa ziguduli, fumbi lofiira likutiphoda kumaso. Ndinalakwitsa kutulutsa buku lija. Mkulu wina amene ndinakhala naye pafupi anatambasula dzanja, natsina tsamba ndi zala ziwiri ngati akuyesa nsalu.

"Pepala lopyapyala bwino ili, mwana wanga. Tandigawireniko limodzi ndipichire. Sindikuwonongerani ayi, nditenga lakumapeto, nkhani imakhala itatha kale kumeneko."

Ndinaseka mpaka ndinatsamwa. Kani malume aja anali ndi abale ambiri. Ndinawapatsa tikiti yanga ya basi, ndipo anaipichira monyinyirika, amvekere pepala la matikiti limakanda pakhosi. Buku ndinalilowetsa m'bulauzi, ndipo linakhala momwemo ulendo wonse.

Tinafika pa boma la Ntchisi cha m'ma 2 koloko, kotsalako kunali kwa miyendo. Ndinakwera chitunda ola lathunthu, kudutsa zigafa za fodya ndi minda ya chimanga chokolola kale. Nditayandikira mudzi ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira, chizindikiro cha maliro. Ndinakhala pa mwala ndikudziimba mlandu chifukwa cha masabata awiri amene ndinadikira kuti sukulu imene ndinkaphunzitsa itseke. Mayi wina wosenza nkhuni anandipeza pamenepo.

"Pepani amayi, zovutazi zagwa kwa ndani?"

"Kwa a Phiri, kuseri kwa tchalitchi. A Mbewe a sukulu? Alipo, ndawasiya akuwothera dzuwa."

Mulungu andikhululukire, ndinakondwera pa maliro a eni.

A Mbewe ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete, ataonda ngati bango. Ndinagwada n'kupereka moni.

"Mawu amenewa ndi a Esinati," anatero. "Wa mafunso uja."

"Ndine ndemwe, aphunzitsi. Lero ndabwera ndi yankho."

Ndinawaika bukulo m'manja. Analisisita, nalinunkhiza, kenaka zala zinapita zokha kumapeto, zikuwerenga masamba. Anangoyamba kulakatula ndakatulo ija kuchokera poyamba, chala chikugunda pamphasa monga chinkagundira pa desiki. Atafika pa dzanja lokwezedwa lija anaima. Ine ndinapitiriza, ndime zitatu. Munthu uja sanagogode n'komwe. Amayi ake anazindikira mapazi ake ali m'nyumba, namuitana ndi dzina laubwana, ndipo chitseko chinali chosakhoma kuyambira tsiku limene anachoka.

A Mbewe anati ndibwereze. Ndinabwereza, ndipo kachitatu ankanena nane limodzi. A Nabanda, amene Chingelezi sankachimva, anafunsa chimene chikuliritsa anthu akuluakulu masanasana.

"Munthu wanga uja, Nabanda," anatero akupukuta m'maso. "Walowa m'nyumba."

Ndinafuna kuwasiyira bukulo koma anakana. Anati maso alibe, ndipo mudzi wonsewo ndi wa anthu osuta. "Ana onse aja ndinawasiya panja pozizira, Esinati. Ako ukawafikitse m'nyumba."

Anamwalira patatha milungu itatu. Ndinkaganiza kuti ndawanyamulira mphatso, koma ndinatsika phiri lija nditasenza ntchito. Ndaphunzitsa ndakatuloyo chaka ndi chaka, ndipo ndikafika pa dzanja lokwezedwa ndimaima pang'ono, kudikira mwana wa mafunso. Akafunsa, ndimatsegula tsambalo.