Chinangwa cha Mapesi Oyera

Mvula ya Ogasiti kudziko la mtundu wa Amende sipumira. Mpunga wakale umakhala utatha, watsopano usanache, ndipo wofuna kudya amalowa m'matope kukakumba chinangwa.

Baindu anayamba kukumba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pakhomo pa Massah, mkazi wa amalume ake, amene anamutenga amake atamwalira. Kumeneko chinangwa cha mapesi ofiira m'masamba chinali chowawa, choviika masiku anayi. Cha mapesi oyera chinali chongophika n'kudya.

Tsiku limene Baindu anasokoneza mitundu iwiriyi, Massah sanamumenye. Anamukhazika pansi n'kumupatsa chowawacho chachiwisi.

"Tafuna. Maso akowo ndi okongoletsa nkhope, tiyese lilime."

Anatafuna mpaka kusanza. Zinachitika katatu. Kuyambira pamenepo, akaona phesi lofiira ankalilambalala, ndipo chinangwa chachiwisi sanachilawenso. Ankasankha ali chapatali, osaphonya, mpaka Massah yemweyo ankamutama kwa alendo.

Anakwatiwa pamitala ndi Jusu, kutsidya la mtsinje, n'kubereka mwana wamkazi, Seibatu. Zaka zoyamba munda wa chinangwa unali m'manja mwa Nyanda, mkazi wamkulu. Chaka chimene mbalame zinatha mpunga, Nyanda anatupa mwendo, ntchito ya khasu n'kugwera Baindu.

"Mayi a Seibatu, ukumbe chofiiracho," anatero Nyanda ali gone pamphasa. "Kuno choyera cha kudambo ndiye chowawa."

"Akulu, mwayesa ndinakulira m'tauni?"

"Kaya. Paja ndiwe namwali wa maso."

Baindu anapita akuganiza kuti mkazi mnzake akumutchera msampha. Komabe anaima pa chofiira, n'kukweza khasu. Malovu owawa anadzaza m'kamwa, khasulo n'kulitsitsa. Anatsikira kudambo kukakumba choyera. Kuluma kansonga kokha kukanamuuza zoona, koma lilime lake linasiya kalekale ntchito imeneyo.

Seibatu anali atagona ndi njala masiku awiri, choncho Baindu anangochiphika osaviika. Mwanayo atanyinyirika kuti chikuwawa, amake anathira tsabola ndi mafuta.

"Idya, usandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Baindu sanadyeko, kuti mwana akhute. Dzuwa lisanapendeke mwanayo anayamba chizungulire, kenaka kusanza. Anamwalirira kumsana kwa Jusu, pa mlatho wa mitengo, chipatala chikadali kutali.

Jusu sanamuthamangitse Baindu. Anangoleka kudya za m'mbale yake. Pamaliro Massah anauza azimayi kuti, "Ine ndinamuphunzitsa bwinobwino."

Lero Baindu ndi nkhalamba. Amaviika chinangwa chilichonse, chofiira ndi choyera chomwe, ngakhale m'nyumba mulibe chakudya china. Zidzukulu za Nyanda zimamuseka: "Agogo, mawa mudzaviikanso nthochi?" Iye amangopitiriza kusenda. M'mawa uno, mvula ili pamsana, anasenda dengu lonse, nathira m'thumba, nalimiza pamadzi oyenda, n'kutsindikapo mwala.